Zikhomo za Pawindo

Nércio anawaona komaliza bambo ake Lachiwiri m'mawa, bambowo akukwera shapa, minibasi ya ku Meponda, ku Lichinga, kuli chisanu choluma.

"Ubwerere ku koleji, iwe," anatero bambowo, a Calisto.

Iye anangopotoloka n'kumapita. Mpaka lero zimamudya.

Lachisanu asodzi anawapeza atafa pakhonde la Casa Alzira, chinyumba cha m'mbali mwa nyanja kupitirira Meponda. Anali ndi bala kunkhongo. Chitseko chakumaso panalibe.

Nyumbayo anamanga Mpwitikizi wogula thonje mu 1958: zipilala zisanu ndi chimodzi, matailosi abuluu a kwawo, ndi chitseko cha mbawa chosemedwa nsomba ndi mabango. Nthawi ya nkhondo munkagona mbuzi. A Calisto, kalipentala, atabwerako kothawa ku Malawi, anaikonzera mwini watsopano wa ku Maputo, n'kukhala oiyang'anira.

"Akuba a pa boti awa," anatero wapolisi, mayi Sumaia. "Chitseko chawoloka kale."

"Akuba amaswa, mayi," anatero Nércio. "Apa sanaswe. Taonani felemuyi. Palibe ndi pokalika pomwe."

Chitsekocho chinalibe msomali. Chinkagwira ndi zikhomo zamtengo zisanu ndi zitatu, zobisika. Nércio anazipeza pawindo, zitandandalikidwa bwinobwino kuyambira chachitali mpaka chachifupi.

"Bambo ankatimenya dzanja tikataya chikhomo pansi," anatero. "Tinaphunzira awiri: ine ndi amalume, a Ilídio."

"Nanga ngati anazula bambo ako omwe?"

"Bambo anali amanzere. Chachitali chikanakhala uku."

Mayi Sumaia anamuyang'ana. "Iwe unali kuti Lachinayi?"

"Kunyumba. Funsani amayi."

Anakafunsadi.

Bokosi la maliro anakhoma a Ilídio. Kumanda analira kuposa onse, n'kumusisita Nércio paphewa. Iye anangoyang'ana dzanja lawo lamanjalo.

Patapita masiku atatu chipezekereni mtembo, apolisi ndi Nércio anafika m'mawa kumene a Ilídio ankagwirira ntchito, ku Sanjala. Chitseko chinali pansi pa matumba a mbatatesi, chikudikira munthu wa hotela wa ku Nampula.

A Ilídio anakhala pansi pa utuchi. "Alamu anandipeza ndikuchikweza pagalimoto. Ndinangowakankha, mwanawe. Sindinkafuna."

"Munawakhomera bokosi la paini, amalume," anatero Nércio, "mbawa mutafunditsa mbatatesi."

Mayi Sumaia anawamanga unyolo a Ilídio. Nércio anapukuta fumbi pa nsomba za pachitseko ndi mkono wa jekete la bambo ake.

Linali Lolemba, pa 17 Juni 2024.