Sabuufa ya Lachisanu Loyera

Lachisanu Loyera, cha m'ma 12 koloko masana, nthaka inagwedezeka muholo ya parishi ku Milange.

Mawindo anali atatchingidwa ndi mabulangete. Anthu anali atadzaza mabenchi, maso ali pakhoma pomwe pankaoneka kanema wa mazunzo a Yesu. Mutu wa Ambuye utawerama pamtanda, kunabwera mawu osamveka ndi makutu okha. Ankalowera kumapazi, kukwera m'miyendo, n'kukakhala pachifuwa. Malata ananjenjemera. Fumbi linayoyoka kudenga. Amayi ena anagwada. Mkulu wina wochokera ku Mongue anagwiritsitsa benchi, akuyang'ana pansi kuti mwina pang'ambika.

Mawuwo ankachokera m'bokosi lakuda lolekeza m'mawondo, lomwe linali pakona. Mwini wake, a Petro, Mmalawi wogulitsa mafoni pamsika, ankalitcha sabuufa. Kutsogolo, pansi pa kanema, anali ataikako sipika yaitali yopyapyala ngati mpini wa khasu. Pakati pa ziwirizi panalibe waya.

Cláudio anakhala pafupi ndi bokosilo. Iye anali ndi baraka yogulitsa mowa panjira yopita kumalire, ndipo kawailesi kake kankalira ngati udzudzu. Mapeto a kanema sanawaone. Ankangoyang'ana bokosi.

Anthu akutuluka, akupukuta misozi, amuna anayamba kubweza mabenchi kutchalitchi. Cláudio ananyamula awiri. Ulendo wachitatu anazula pulagi, anakulunga bokosi m'bulangete, n'kutuluka nalo ngati munthu wothandiza ntchito. Kuseri kwa holo analimanga panjinga. Wani koloko isanakwane, anali atapita.

A Petro anali atanyamula kale sipika ndi makina a kanema.

"Mayi Constância, bokosilo n'lolemera," a Petro anauza mayi osunga makiyi a holoyo. "Mulitsekere momwemo, ndidzalitenga mawa."

Mayi Constância anasuzumira. Pakona panali mulu wa mabulangete. Anayesa bokosi lili pansi pake, ndipo anakhoma chitseko.

Loweruka 7 koloko m'mawa anatsekula, a Petro ali pambuyo. Anafukula mulu wonse. Munalibe kanthu.

Loko anali bwinobwino. Mawindo anali osathyoka. Amayi omwe anabwera kudzasesa za Pasaka anaima ndi matsache m'manja, kunong'onezana. A Lino, mkulu wa komiti ya parishi, anafika akupuma mwabefu.

"Makiyi amasunga ndani?"

"Ine, Bambo. Mukudziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi."

"Loko sanathyoledwe."

"Ndaona."

"Ndiye tandipatsani kaye, mpaka nkhaniyi imveke."

Mayi Constância anamasula mfundo ya chitenje. Anapereka makiyi ndi manja awiri, osalira.

"A Petro, tiyeni kupolisi," anatero. "Ndikapita ndekha, asanandikoke."

Nthawi yomweyo Cláudio anali atadzitsekera m'baraka yake, thukuta lili kamukamu. Anali atalitembenuza bokosi mbali zonse. Kumbuyo kunali chingwe cha magetsi, batani limodzi ndi kanyali kobiriwira. Bowo lolowetsa waya wa wailesi silinkaoneka. Analumikiza kumagetsi. Kanyali kanayamba kuphethira. Anaika foni pamwamba. Zii. Anadina batani kakhumi. Zii. Analimenya mbama.

"Yankhula! Dzulo unkagwedeza holo yonse!"

Kanyali kankangophethira. Cláudio anaganiza kuti mwina limafuna kudya magetsi kaye. Analikankhira pansi pa kauntala, analiphimba ndi masaka, n'kulisiya lolumikiza. Kenako anatsekula baraka.

Kupolisi nkhani inagwera kwa wapolisi wamkazi, Márcia. Anamvetsera osadula mawu.

"Wakubayo akhoza kuligwiritsa ntchito?" anafunsa.

"Ayi, shefi," anayankha a Petro, monga amaitanira mabwana kumeneko. "Palokha ndi bokosi chabe. Tsiku lomwe ndinazigula ndinadina batani la sipika, ndinadinanso la sabuufa. Nyali zinaphethira, kenako zinaima. Kuyambira pamenepo zimadziwana. Ikayaka iyi, inzake imayankha yokha."

"Popanda waya?"

"Popanda waya."

"Ngakhale pali khoma?"

"Ngakhale khoma. Bola ikhale pamagetsi, ndipo isatalikire. Mapazi khumi, mwina khumi ndi asanu."

Márcia anaika cholembera pansi.

"Munthu woba chinthu chotere sakabisa kumunda," anatero. "Akufuna chimuimbire. Akuchiyesa pompano, ndipo ali komwe kuli magetsi. Mabaraka, mometa tsitsi, moonetsa makanema. Muli ndi batire?"

Pofika 11 koloko njinga inali itakonzeka. Pakaliyala anamangapo batire la galimoto ndi inveta, kabokosi kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba. Sipika anaigoneka pahandulo. A Petro anaika pafoni gawo lija la chivomezi la m'kanema, kuti lizibwerezabwereza. Popanda mnzake, sipika inkangotulutsa kaphokoso kouma, ngati munthu akukwinya pepala.

Anayambira mumsika. A Petro ankakankha njinga pang'onopang'ono. Márcia ankayenda kumanja. Mayi Constância anali pambuyo, korona ili m'manja. Pakhomo lililonse lokhala ndi magetsi ankaima, Márcia n'kuwerenga mpaka makumi awiri.

Kwa ometa tsitsi, zii. Kwa okonza mawailesi, zii. Moonetsa mpira, zii.

"Shefi, mukusaka chiyani?" anafunsa wogulitsa kaunjika.

"Tikuitana bokosi."

Anthu anaseka, koma anawatsatira. Akabaza anasiya makasitomala. Onyamula katundu anatula matumba. Pofika 2 koloko gulu linali litadzaza msewu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kuseka kunali kutatha. Malo khumi ndi asanu ndi awiri anali atayesedwa. Kanyali ka inveta kanayamba kufiira.

"Batire likutha, shefi," anatero a Petro. "Ndipo mwina awoloka nalo kale malire ku Muloza."

"Tibwerere?" Márcia anafunsa, akuyang'ana Mayi Constância.

"Ine ndibwerera kuti? Kutchalitchi komwe akundiloza zala? Tiyeni."

Analowa njira ya kumalire. Baraka yoyamba inali yotseka. Yachiwiri, zii. Yachitatu inali yamalata opaka utoto wachikasu. Panja amuna anayi ankasewera bawo. Cláudio anali pakhomo, akutsuka matambula. Atawaona a Petro anasiya kutsuka.

Njinga inaima. Márcia anayamba kuwerenga.

"Wani. Thu. Fili..."

Pa seveni nthaka inalira.

Zinayambira pansi penipeni, ngati chigayo chikudzuka m'mimba mwa dziko. Malata a baraka anayamba kuvina pamisomali. Mabotolo pashelefu anagundana, limodzi linagwa n'kusweka. Nkhomo za bawo zinadumpha m'maenje. Oledzera awiri anatuluka chothamanga, wina atasiya patapata. Galu yemwe anagona pakhomo anathawa akukuwa.

Gulu lonse linabwerera m'mbuyo nthawi imodzi. Mayi wina anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Wakabaza wina anagwada, n'kuyamba kupapasa dothi pakati pa njinga ndi khomo, kufuna waya. Sanapeze kanthu. Anadzuka akuyang'ana m'manja mwake.

"Zimitsani," anatero Márcia.

A Petro anadina foni. Bata.

"Yatsaninso."

Baraka inabangulanso.

"Layankha!" wina anakuwa kumbuyo. "Amayi ine, bokosi lamva mnzake!"

Márcia anakonza chipewa, n'kulowa. Anakankha masaka ndi nsapato. Pansi pa kauntala kanyali kobiriwira kanali kataima, kosaphethira.

Cláudio anali atatsetsereka kulowera kuseri, komwe kanjira kamatsikira kumtsinje wa m'malire. Anangoyenda mapazi asanu. Akabaza awiri anamutchingira ndi njinga.

"Dzina?" anafunsa Márcia.

"Cláudio, shefi."

"Katunduyu ndi wanu?"

"Munthu wina anangosungitsa."

"Ndani?"

Cláudio anayang'ana kumwamba. Márcia anakoka bulangete lomwe linali pampando. Pangodya pake panali dzina la parishi losokedwa ndi ulusi wofiira.

"Ili anasungitsanso?"

Cláudio anatambasula manja yekha. Unyolo unalira.

A Lino anali m'gulumo. Anadzikankha kufika kutsogolo, chipewa chili m'manja, n'kutulutsa makiyi m'thumba.

"Mayi Constância, tinalakwa. Landirani."

Mayi Constância anawayang'ana makiyiwo, osatambasula dzanja.

"Munandilanda pamaso pa azimayi a mpingo, Bambo. Mudzandipatse mawa Misa ikatha, iwo akuona."

A Lino anaweramitsa mutu, n'kubweza makiyi m'thumba.

A Petro anawerama kuti azule pulagi.

"Dikirani, achimwene," anatero Cláudio. Mawu ake anali otsika. "Shefi, ndipemphe chinthu chimodzi."

"Nenani."

"Ndalimbana nalo kuyambira dzulo. Pomwe limalira ndinali panja, mtima uli m'mwamba. Sindinalimve bwino. Aliyatse kamodzi, ine ndili m'kati."

Ena anaseka. Márcia sanaseke. Anayang'ana a Petro.

"Batire lilipo?"

"La mphindi imodzi, mwina."

Márcia anamugwira Cláudio pamkono n'kumulowetsa. Anamuimika pakati pa baraka yake. Anthu anaunjikana pakhomo ndi pawindo. Panja a Petro anadina foni.

Pansi panagwedezeka. Mabotolo anaimba. Fumbi la zaka zambiri linatsika kudenga n'kumugwera m'tsitsi ndi m'mapewa. Cláudio anatsinzina, manja omangidwa ali pachifuwa, milomo ili yasaa. Anaima choncho mpaka inveta inalira katatu n'kuzima.

Anatsekula maso.

"Zoona, palibe waya," anatero.

"Palibe," anayankha Márcia. "Tiyeni."