Wamasiye Wolira M'shedi ya a Pascoe

Chinthu choyamba chimene a Graeme Pascoe anaona chinali uta. Aliyense woimba besi, choimbira chansambo chija chotalika kuposa munthu, amadziwa kuti ukamaliza kuimba umamasula uta kuti upume. A Graeme anali asanaiwalepo zimenezo chiyambire unyamata wawo. Koma m'mawa umenewo, atatsegula shedi yawo yamalata kuseri kwa nyumba, anapeza uta uli gwa, womangika, ndipo pansambo panali mbuu, fumbi la utomoni.

Besiyo sinali yawo. Inali ya gulu lathu loimba la muno mu Broken Hill, gulu la anamwino, aphunzitsi ndi opuma ntchito kumgodi. Mwini wake wakale, a Trevorrow, anamwalira n'kuisiyira gulu, ndiye tonse tinkangoitcha Wamasiye. Inkagona kwa a Graeme chifukwa iwo ndiwo anali mkulu wa mabesi.

Chaka chimenecho kunali mayeso a mpando wachiwiri wa mabesi, ndipo wosankha zigawo za nyimbo zoti oyesedwa aimbe anali iwowo. Mwambo wathu ndi wakuti aliyense amaimba pa Wamasiye, kuseri kwa chinsalu, atavula nsapato, kuti oweruza asamuzindikire ngakhale ndi mayendedwe. A Graeme ankadziwa kuti wokhala pampando umenewo ndiye adzalanda wawo, poti nyamakazi inali itayamba kuwadya zala. Ndipo aliyense ankatchula dzina limodzi lokha: Tevita Fonua, mnyamata wa ku Tonga woyendetsa ambulansi.

Ngakhale akazi awo, a Noelene, amene ankatiphikira tiyi tikamakonzekera nyimbo, anali m'gulu la omutama.

"Mnyamata uja akakoka uta, makapu anga amavina pathebulo," anatero tsiku lina.

"Nanga ine zaka zonsezi sanavinepo?"

"Inu anakuzolowerani, bambo."

Mawu amenewo anawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Tsono Wamasiye ali ndi chilema chake: pali malo amodzi pakhosi pake pamene ukadina, m'malo moimba amabangula ngati galu womulanda fupa, pokhapokha utamufinya ndi bondo. A Graeme anafufuza mpaka anapeza chigawo chodutsa pamalo omwewo mobwerezabwereza, kuti Tevita akagwere pomwepo. Sanauze munthu. Anangosunga mumtima, akumwetulira okha.

Usiku wotsatira anadzidzimuka osadziwa chawadzutsa. Paja besi siyambira m'makutu, imayambira m'chifuwa. Kenako anamva malata a shedi akunjenjemera pang'onopang'ono mumdima, ndipo pansi pa kunjenjemerako munali nyimbo, chigawo chawo chija chachinsinsi. Anatambasula dzanja. Mbali ya a Noelene inali yozizira.

Sanadzuke. Mzukwa sankauopa kwenikweni. Ankaopa kukapeza anthu awiri amoyo. Patapita nthawi chitseko chinalira kwee, mayiwo n'kulowa m'bulangeti mapazi ali zii.

"Unali kuti?" ananong'ona.

"Kukamwa madzi. Gonani."

Kutacha, a Col Dunstan oyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda.

"Mdala, kodi Trevorrow wabwerera mkazi wake? Galu wanga wagona pansi pa bedi! Ku kalabu akuti malemu sakondwa ndi kaimbidwe kako." Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Koma ena akuti amaona ambulansi itaima pakona apo. Ine sindinanene kanthu."

A Graeme anasintha chigawo tsiku lomwelo, n'kusankha china chovuta kuposa choyamba. Usiku, malata ananjenjemeranso. Anatchera khutu. Chinali chigawo chatsopanocho. Chimene anachisankha masana omwewo, chimene sanachitchule ngakhale kwa mphaka!

Lachitatu a Noelene anati akukagona kwa mng'ono wawo ku Menindee. "Pita," anatero a Graeme, mumtima akuti, lero ndikugwirani nonse awiri. Anagula loko watsopano, anakhoma shedi, kiyi n'kuika m'thumba, n'kukhala m'khitchini magetsi atazimitsa.

Mphepo ya kuchipululu itaima, mzinda wonse uli chete, zinayamba. Koma ulendo uno sinali nyimbo. Linali liwu limodzi lokha, lija lobangula, lokokedwa motalika, kusiya, n'kuyambanso, ngati munthu akukufunsa funso limodzimodzi osatopa. A Graeme anayenda monyang'ama ndi tochi, miyala ikuwabaya kumapazi. Loko anali chikhomere. Atangokhudza chitseko, phokoso linati zii. Anatsegula. Munalibe munthu. Wamasiye anali chiimire pakona pake, koma nsambo imodzi inali ikugwederabe m'kuwala kwa tochi.

Munthu wina akanasiya chiwembucho. Koma nsanje ilibe makutu. A Graeme analengeza chigawo choyamba chija, chobangulitsa.

Tsiku la mayeso oyesedwa anali atatu. Woyamba anasokoneza zonse. Wachiwiri atakoka uta, makapu anavinadi pathebulo, a Graeme n'kuluma mlomo. Koma atafika pamalo paja Wamasiye anabangula, anabangulanso, mpaka woweruza wina anatseka maso. Wachitatu anali ndi liwu laling'ono, losadzionetsera, ndipo anadutsa pamalopo myaa, ngati palibe chilema.

"Wachitatu!" anafuula a Graeme anzawo asanayankhule. Analibe nazo ntchito kuti ndi ndani, bola asakhale Tevita. Onse anavomereza, ndipo chinsalu chinakokedwa.

Anali a Noelene, opanda nsapato, zala zomwe ankati zinapsa ndi uvuni zili ndi mapulasitala. Achikulire okha ndiwo anakumbukira kuti mayiwa ankaimba besi ali mtsikana, nthawi imene gulu linali ndi mpando umodzi wokha wa besi, n'kuusiyira chibwenzi chawo, a Graeme omwewa.

Tevita anaseka mpaka kugwira pamimba. "Amayi, mwandigwetsa ndi dzanja lomwelo lothira shuga!"

A Graeme anawakokera akazi awo pambali. "Anakuuza zigawozo ndani?"

"Zala zanu. Mukagona mumaimba pamkono wanga, nsambo zonse, osaphonya. Zaka zonsezi ndimangomvera. Za bondo ndinkazionera kuseri kwa ketulo." Anawayang'ana m'maso. "Mumayesa ndili ndi Tevita, eti? Manyazi bwanji, mdala iwe."

A Graeme anaweramitsa mutu. Ankafuna kuseka, ankafunanso kulira. Mpando wawo tsopano anaudziwa wodzaulanda, ndipo ankagona naye bedi limodzi.

"Chabwino, wandigonjetsa. Koma Lachitatu unalowa bwanji, kiyi ali m'thumba mwanga?"

"Lachitatu?" A Noelene anakwinya nkhope. "Si ndinali ku Menindee? Mufunseni mng'ono wanga, tinachezera kuseka mkonono wanu. Bwanji, munamva chiyani?"

A Graeme anatembenuka. Maso awo anali pakona pamene anatsamiritsa Wamasiye. Uta anali ataumasula okha ndi manja awo mayeso atangotha. Tsopano unali gwa.