Wogogoda Matayala ku Limbe

"Bambo, ngati ndinu, nenani chimene mukufuna. Ine ndatopa."

Raphael ananena mawuwa monong'ona, atakhala pachiwongolero cha thiraki imene bambo ake, a January, anaiyendetsa zaka khumi ndi zisanu pakati pa Limbe ndi doko la Beira. Panali patatha milungu itatu chiwaikireni m'manda kwawo ku Nsanje. Thirakiyo inali m'bwalo la kampani kuseri kwa njanji, itabereka kontena ya tiyi, ikudikira mapepala a pamalire.

A January anali ndi chizolowezi chawo. Asananyamuke ankazungulira thiraki yonse ndi chitsulo, kugogoda tayala lililonse kawiri kuti amve ngati mpweya uli bwino.

Woyamba kumva anali a Sumaili, mlonda wa pabwalopo. Lolemba, maminibasi atatha mumsewu, kunamveka go-go! Kenaka zii. Go-go! Phokosolo linkayenda pang'onopang'ono, tayala ndi tayala, monga munthu wamkulu wosathamangira kanthu. Ataunika ndi tochi anangoona mithunzi ya makontena.

Lachiwiri anasesa fumbi mozungulira thirakiyo kuti aone mapazi. Kutacha panalibe phazi ngakhale limodzi, koma chitsulo chija, chimene Raphael anachikiyira kuseri kwa mpando, chinali chotsamira chitseko cha dalaivala. Madalaivala ena anasuntha mathiraki awo. Kudepoti anthu anayamba kunong'onezana kuti kampaniyo inakhwimira a January.

"Achimwene," a Sumaili anamukokera pambali Raphael, "akuluwa sakudzera matayala. Akamaliza amaima pachitseko chanu, ngati munthu wodikira kutsanzikana."

"Azikagogoda kwa amene anawathawa pamaliro!" anakalipa Raphael. "Ine andisiye."

A Sumaili anabwerera kukanyumba kawo.

Tsono lero, Lachitatu, Raphael anadzitsekera yekha m'thirakimo. Magetsi anali atazima Limbe yense. Kutali galu anauwa, nasiya mwadzidzidzi. Kumbuyo kwenikweni, pansi pa kontena, kunamveka go-go! Iye anawerenga matayala mumtima, manja atagwira chiwongolero, thukuta likutsika m'khosi. Phokoso linadza mbali ya kumanzere, linadutsa kutsogolo, linafika pachitseko chake. Pagalasi panali mdima wokhawokha.

Go!

"Mukufuna maina a amene sanabwere kumaliro anu eti?" anatero Raphael mwaukali. "Chabwino. Bwana Kingsford sanabwere. Munawanyamulira makontena mpaka msana kupindika, iwo anangotumiza nkhata ya maluwa apulasitiki."

Go!

"A Waziri, mnzanu amene munkadyera naye mbale imodzi ku Tete, akuti mwendo unatupa. Bodza! Anthu anawaona kumpira. A Bennet, mng'ono wanu weniweni, akuti minibasi inawasiya."

Go!

"Ndamaliza, bambo. Ndi omwewo."

Kenaka chogwirira cha chitseko chinatsika chokha pang'onopang'ono, n'kubwerera. M'thirakimo munadzaza fungo la fodya wopichira uja a January ankasuta.

Raphael anagwetsa mutu pachiwongolero. Maina onsewo anachita kuuzidwa pafoni ndi mlongo wake Sellina. Tsiku limene bambo ake anamwalira, bwana anamuika makiyi m'manja nati, "Sitima yapamadzi siidikira maliro. Ukakana, thirakiyi ndipatsa wina." Iye anawalandira. Ananyamuka usiku womwewo osalowa n'komwe m'chipinda mmene munagona thupi, ndipo pamene dothi linkagwera pabokosi ku Nsanje, iye anali pamzere padoko la Beira, akudya chingwa.

Go!

Kugogodako tsopano kunali kofatsa, ngati mmene bambo ake ankamudzutsira ali mwana.

"Alipo wina," anatero, misozi ikudonthera pamaondo. "Raphael January, mwana wanu woyamba. Nayenso sanabwere."