Amene Ankayendetsa Kachere

Atuweni anatsika basi ku Evington, mumzinda wa Leicester, mdima utagwa kale, ngakhale anthu anali akungoweruka kumene. Unali mwezi wa Novembala, nkhungu itakuta misewu. Ankachokera kuchipatala kukaona amuna ake, a Lucius, omwe anagwidwa ndi sitiroko. Pakamwa pawo panali patapindika. Chomveka chimene ankatha kutchula chinali dzina la galu wawo, Kachere.

Galuyo anali wa a Lucius, Atuweni sankamukonda n'komwe. Koma ndi mashifiti a ntchito yake kunyumba yosamalira okalamba ku Oadby, kuphatikiza maulendo a kuchipatala, nthawi yomuyendetsa analibe. Ndiye anapeza kampani yoyendetsa agalu pa foni. Anamuuza kuti azisiya kiyi m'kabokosi panja. Woyendetsayo sanamuonepo. Ankangopeza Kachere atatopa, mbale yake yodzaza madzi.

Tsiku limenelo atatsegula chitseko, m'nyumba munali zii. Pamsomali panalibe chingwe cha galu.

Anaimba kukampani. Anayankha ndi makina, kenako nyimbo. Anadikira chiimire, jekete ili m'thupi. Patapita nthawi kunamveka bambo wa mawu otopa, akuyankhula Chingerezi ngati akuwerenga.

"Kompyuta ikuonetsa kuti galu wabwezedwa, mayi."

"Ndili m'nyumba muno. Mulibe. Ndipatseni nambala ya amene anamutenga."

"Sitiloledwa. Tumizani imelo, tidzakuyankhani sabata yamawa."

"Chonde, ndikukupemphani. Amuna anga ali m'chipatala. Mawa ndikawauza chiyani?"

"Dikirani palaini."

Nyimbo ija inayambiranso.

Anatuluka foni ili kukhutu. Anazungulira misewu akuitana mpaka mawu kusasa. Anasuzumira pansi pa magalimoto. Anagogoda pamakomo a anthu osawadziwa, ena kungosuntha katani n'kubwezanso. Kenako analowa m'paki ya kuseri kwa nyumba zawo.

Pansi pa mitengo panaima munthu. Wamtali, wa jasi lachikasu lofika kumapazi, atamufulatira. M'manja mwake munali zingwe zambirimbiri. Agalu anakhala pansi momuzungulira, aakulu ndi aang'ono, onse ali duu. Panalibe wouwa, panalibe wogwedeza mchira. M'kuzizira kuja pakamwa pa Atuweni pankatuluka nthunzi. Pakamwa pa agaluwo ayi.

Chakumapeto kunali galu wa khutu long'ambika. Anamuzindikira.

"Kachere. Bwera kuno."

Galuyo sanatembenuke.

"Pepani, galu ameneyo ndi wanga," anatero m'Chingerezi.

Munthuyo anayamba kuyenda, agalu onse n'kudzuka pamodzi. Sankafulumira. Atuweni anathamanga, nsapato zikuterereka m'matope, koma mtunda sunkachepa. Pansi panali masamba mbwee, koma mapazi omveka anali ake okha. Anapunthwa n'kugwa chogwada. Podzuka anangoona nkhungu.

Nyimbo ya pafoni inaduka. Tsopano anali mayi wina. Atuweni anafotokoza zonse kuyambira poyamba, akupuma mwabefu.

"Mwati Leicester?" mayiyo anafunsa. Kunamveka kugogoda kwa zala pakompyuta. "Kumeneko tinatseka mu Ogasiti. Tilibeko wantchito."

"Nanga amene amalowa m'nyumba mwanga ndi ndani?"

"Pamenepo sindingakuthandizeni. Pali china?"

Asanayankhe, laini inaduka.

Sanadziwe kuti kunyumba anafika bwanji. Chitseko chinali chokhoma monga anachisiyira. Atayatsa magetsi anaona chingwe pamsomali, chikudontha madzi. Kachere anali pansi pa tebulo, atanyowa thupi lonse. Atuweni anagwada n'kumukumbatira, akulira, galu amene sanamugwirepo ndi manja awiri. Anali wozizira ngati wachoka mufiriji. Sanamunyambite. Maso ake anali pachitseko.

Usiku umenewo sanagone. Anakankhira sofa kuchitseko n'kukhala pamenepo mpaka kucha.

M'mawa anaitana munthu wosintha loko. Ntchito ili mkati, a Gulam anafika pampanda, akutsamira ndodo. Anali neba wake, mkulu wa imvi wokulira ku Limbe, yemwe Chichewa chinali chisanamuchoke pakamwa.

"Mukudzivutitsiranji ndi loko, mayi?"

Atuweni anawauza. A Gulam anamvetsera osadabwa.

"Ine ndi miyendo yangayi ndimakhala pazenera tsiku lonse. Wa jasi lachikasuyo ndimamuona. Kabokosi kanu ka kiyi sanakagwirepo."

"Nanga amalowa bwanji?"

"Salowa. Amangoima pageti. Ukaphethira, galu ali kale pambali pake."

Anayang'ana kumsewu, uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Dzulo galu anamubwezadi, inu musanabwerere kokamufunafuna kuja. Koma sanachoke msanga. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana zenera la kuchipinda kwanu. M'manja anali ndi chingwe china, chopanda galu."