Nyale Zopendekera za Tineke

Nkhaniyi anandiuza ndi Tineke mwini wake, kunyumba yathu yopumulirako anthu a m'sitima kuno ku Vlissingen, komwe ine ndimathira khofi ndi kumvetsera. Ndiifotokoza monga anainenera. Mulungu andithandize ndisawonjezerepo.

Tineke amagwira ntchito ya nyale za pa siteji m'sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo. Kontilakiti ikatha amatsika, n'kukagona pa sofa kwa mkulu wake, kudikira ina. Chaka chino anadikira miyezi inayi. Kenaka kampani ina inalengeza kuti ikufuna mkulu wa nyale mmodzi, ndipo idzamusankha pa maphunziro a masabata awiri mu holo yakale ya zisudzo pafupi ndi doko. Amene ankalimbirana malowo kwenikweni anali awiri: iye ndi Sjoerd, mnzake amene anayenda naye makontilakiti atatu.

Aliyense anapatsidwa mzere wake wa nyale kudenga. Lolemba madzulo, sabata yomaliza, Tineke anakwera makwerero, n'kulozetsa nyale zake khumi ndi ziwiri pa zizindikiro za choko, n'kuzimanga ndi sipanala. Anthu a m'sitima samanga mwachibwana, chifukwa panyanja nyale yokhwefuka imagwera munthu. Atatsika anadya chipisi ndi Sjoerd pakhomo, n'kubalalika.

M'mawa, kuwala konse kunali kutasunthira kumanzere. Pang'ono chabe, ngati chikhatho. Nyale zonse mofanana. Za Sjoerd zinali momwe anazisiyira.

"Manja ayamba kufooka, nkhalamba iwe," anatero Sjoerd akuseka. "Sofa yakudya mphamvu."

"Anatsalira muno dzulo ndani?"

"Si tinatulukira limodzi? Kapena wayamba kundiganizira?"

Tineke anakweranso makwerero. Anamanganso. Lachitatu m'mawa kuwalako kunali kutasuntha mkono wathunthu. Aphunzitsi awo, Bambo Marinus, anayang'ana kudenga nthawi yaitali, n'kulemba m'kabuku kawo. Mayeso anali Lachisanu.

Lachinayi madzulo Tineke anatsanzikana ndi onse, n'kuzungulira kuseri. Anakwera kakhonde ka pamwamba, pamene pamakhala nyale yaikulu yolondola ovina, n'kukhala pansi kumbuyo kwake. Anamva Bambo Marinus akukhoma zitseko. Pa siteji panatsala kababu kamodzi koyaka, monga amasiyira m'maholo onse.

Anadikira. Kunazizira. Belu la tchalitchi linalira thwelofu, kenaka wani.

Ndipamene anamva chitsulo chikulira kudenga. Kwii. Kenaka china. Nyale zake zinali kutembenuka, imodzi imodzi. Makwerero anali atagonekedwa pansi. Kudenga kunalibe munthu.

Munthu anali pa siteji.

Anali wamwamuna, atavala zakuda zogwirira ntchito ngati zawo. Ankachokera kumanzere kupita kumanja, koma ankayenda ngati wokwera phiri, pamene sitejiyo ndi yathyathyathya. Miyendo tang'a, thupi litapendekera, dzanja likufunafuna pogwira. Tineke wayenda panyanja zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kayendedwe kameneko anakadziwa. Ndi mmene munthu amayendera sitima ikagonera mbali imodzi osadzukanso.

"Lero ndakugwira, Sjoerd," ananong'ona Tineke, n'kutulutsa foni kumuimbira. Ankafuna imulilire m'thumba pomwepo. Inaitana kanayi. Pa siteji panali zii.

"Halo?" Mawu anali a Sjoerd, a tulo, kumbuyo kukumveka mkonono wa mnzake wa m'chipinda. "Tineke, ukudziwa nthawi koma? Wamwalira ndani?"

Tineke anadula foni.

Anayatsa nyale yaikulu ija, n'kuilozetsa pa munthu uja. Dzanja lake siliphonya. Walondolapo ovina nyanja italusa. Koma kuwalako kunatsetsereka pa munthuyo, kukagwera kumanzere. Anayesanso. Kunatsetserekanso. Kenaka anazindikira kuti nayenso wagwira chitsulo cha khonde ndi manja onse awiri, phazi likuterereka, ngati holo yonse yagona chammbali. Sipanala inagwa m'thumba mwake, n'kukhwekhwerezeka yokha pansi mpaka kukagunda khoma.

Munthu uja tsopano ankakwawa. Anafika pakati pa siteji, n'kuima. Sanatembenuke. Kenaka chogwira chinamuthera, n'kutsetsereka chafutambuyo kulowa mumdima wa kumanzere, osatulutsa mawu.

Bambo Marinus anapeza Tineke m'mawa atakumbatirabe chitsulocho, zala zitauma.

"Ukutani kuno, mwana wanga?"

Anawauza zonse. Iwo anavula magalasi, n'kuwapukuta pa juzi.

"Zinachitikapo kamodzi, ndisanamere imvi," anatero chapansipansi. "Nyale za wophunzira wina. Mayeso anakhoza, ndipo anakwera sitima."

"Anabwerako?"

"Tsika, ukamwe kaye khofi."

Tineke anamanganso nyale zake, ndipo pa mayesowo anaposa onse. Malo anapatsa iye. Anawakana, osanena chifukwa. Amene anawatenga ndi Sjoerd.

"Mutu wako suyenda bwino iwe," anatero Sjoerd akumukumbatira, "koma zikomo."

Tineke anamuyang'ana m'maso, kufunafuna bodza. Sanalipeze, komanso sanakhutire. Choncho za usiku uja sanamuuze.

Kuno ku doko anthu amanong'onezana. Ena amati Sjoerd ali ndi msuweni wake wovina, wodziwa kuyenda mayendedwe aliwonse, ndipo kiyi wa holo yakale savuta kudulitsa. Ena amati Bambo Marinus ankamukonda Sjoerd kuyambira tsiku loyamba, ndipo za wophunzira wakale uja palibe wina anazimvapo. Koma za sipanala yoyenda yokha palibe amayankha. Akuluakulu amene anakalambira panyanja salowerera. Amangofunsa dzina la sitimayo.

Sitimayo inanyamuka Loweruka lapitali, kulowera ku Norway. Tineke amabwera kuno madzulo aliwonse, n'kukhala pafupi ndi wailesi kumvetsera zanyengo. Dzulo anandigwira dzanja.

"Mayi, mukamapemphera muzititchula tonse awiri," anatero. "Sindikudziwa ngati anandibera malo, kapena ndinamutumiza ku tsoka m'malo mwanga."

Ndimawatchula onse awiri. Sjoerd ndimayamba naye.