Miyeni ya Chunni

Kabichi yense anali akadali pansi pa masitepe, mitu makumi anayi, ndipo nyumba yawo inali pansanjika yachinayi kupita m'mwamba. Chaka chilichonse chisanu chikamayandikira ku Shenyang, amayi ake a Yanan ankagula kabichi wa nyengo yonse nthawi imodzi, ndipo chaka chilichonse Yanan ankadandaula ngati n'koyamba.

"Anzathu amagula mutu umodzi m'sitolo akaufuna," iye anatero.

"Anzakowo amadya kwawo. Nyamula."

Foni inalira ali pakati pa masitepe. Amayi anapanira kabichi m'khwapa n'kumvetsera. "Lero? Sitima ya nthawi yanji?" Atadula, anakhala pa sitepe n'kupuma mozama.

"Ndi mayi ako aang'ono. Ntchito ija ya kufakitale ya kummwera yapezeka, akunyamuka lero lomwe ndi amuna awo. Mwana wawo Chunni ali kale m'sitima, afika masana ano. Azikhala nafe, aziphunzira kusukulu kwako."

"Azigona kuti?"

"Padenga. Funso lanji limenelo? M'chipinda mwako."

Yanan anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo pa msinkhu umenewo munthu amaona ngati chitseko cha chipinda chake ndicho chuma chonse cha padziko. Chunni anamuonapo kawiri kokha kumudzi: kamtsikana kolongolola, kogwiragwira zinthu za eni.

"Nthawi yophika palibe," anatero amayi akuvula epuloni. "Ine ndikupita kusiteshoni. Iwe pita kwa a Pang, ukagwire tebulo, ukaitanitsiretu chakudya. Ndipo nkhopeyo uisiye pompano."

Kwa a Pang kunali pakona pa msewu wawo, matebulo asanu ndi awiri, mawindo ochita nkhungu ndi nthunzi. Kumbuyo, Bambo Pang ankamenyetsa ufa wokanda pathebulo, kuukoka, kuupinda, kuukokanso mpaka usanduke miyeni yaitali ngati ulusi. Akazi awo ankalamulira kutsogolo ndi pensulo kukhutu. Pafupi ndi chitofu panali madoda atatu amene ankadya pamenepo Loweruka lililonse, akusenda adyo n'kumatsutsana za mpira.

"Mwana wa pachinayi uja," anatero Mayi Pang. "Watalika, koma moni sunaphunzirebe. Muli angati?"

"Atatu. Kukubwera mlendo wochokera kumudzi."

"Miyeni ndiye. Ya msuzi wa ng'ombe?"

Aliyense wa kumeneko amadziwa, ngakhale mwana woyamba kumene sukulu: wonyamuka amadya majaozi, wofika amadya miyeni. Miyeni ndi yaitali, imamanga miyendo ya mlendo kuti akhalitse. Majaozi, timapukusi ta ufa tija tokhala ndi nyama m'kati, ndi chakudya chotsanzikirana. Kumuikira munthu wongofika kumene kuli ngati kumusonyeza khomo.

"Majaozi," anatero Yanan. "Mbale zitatu. Ziwiri za nkhumba ndi kabichi wowawasa, imodzi ya mazira."

Mayi Pang anachotsa pensulo kukhutu koma sanalembe. "Mlendo wakoyo akufika kapena akupita?"

"Ndati majaozi, amayi."

"Ndamva, makutu ndili nawo." Analemba, n'kutembenukira kukhitchini. "Akuluakulu, majaozi mbale zitatu. Kuli wina akuthamangitsa mlendo."

Yanan anakhala pakona n'kumakonza timitengo todyera ngati sanamve.

Amayi ndi Chunni anafika patadutsa ola. Chunni anali wamfupi kuposa mmene Yanan ankamukumbukirira, atavala jekete la amayi ake lofika m'mawondo, akukoka chikwama chothyoka tayala limodzi. M'khwapa anapanira mutu wa mpendadzuwa waukulu ngati beseni.

"Achemwali! Uwu ndi wanu, ndadzala ndekha. M'sitima anthu amafuna kundibudulira, ndinaukhalira." Anayang'ana uku ndi uku. "Kununkhira bwanji muno. Bambo awo akutani ndi ufawo, akulimbana nawo?"

"Zaka makumi atatu tsopano, mwanawe," anayankha mmodzi wa madoda aja, "ndipo ufa ndi umene ukupambana."

Mayi Pang anabweretsa mbale zitatu zikufuka nthunzi, n'kuziika mwakachetechete. Amayi ake a Yanan anayang'ana mbalezo, kenako mwana wawo. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Waitanitsa ndiwe?"

"Ndi zimene zimakoma muno," anatero Yanan, maso ali pa botolo la viniga.

Chunni anali atanyamula kale timitengo, koma anatibweza pathebulo pang'onopang'ono. Kenako anaseka.

"Musawakalipire, amayi aakulu. A m'tauni satsatira zimenezi, achemwali sanadziwe." Anakankhira mbale kwa Yanan. "Idyani inu. Ine ndadya kale majaozi m'mawa, amayi anapanga ambirimbiri, akulira, misozi ikugwera mu ufa. Bambo amvekere, mchere usathirenso. Titatha anakhoma nyumba ndi loko, galu tinakasiya kwa aneba, nkhuku tinagawa." Anasekanso, maso ali pa mbale ija. "Ndiye ndikadyanso ena lero lomwe, ndilowera kuti?"

Ngakhale madoda aja anasiya za mpira.

Yanan anaweramitsa mutu. Akanakonda Chunni akanalira kapena kumutukwana, osati kumuikira kumbuyo. Mwambowo ankaudziwa, ndipo amayi ake anadziwa kuti ankaudziwa. Anayang'ana mpendadzuwa uja pampando, njere zake zothithikana bwino, osasowa ndi imodzi yomwe.

Anadzuka n'kupita kwa Mayi Pang. "Mbale imodzi ya miyeni," ananong'ona.

"Makutu anga akalamba mwadzidzidzi."

"Miyeni, amayi. Chonde."

"Majaozi ndinakuitanira ndine. Iyi ukaitane wekha, khitchini ndi iyo. Ndipo akuluakuluwo samva zonong'ona, ufa unawalowa m'makutu."

Yanan anaima pakati pa matebulo, anthu onse akumuyang'ana.

"Bambo Pang, miyeni mbale imodzi, ya msuzi wa ng'ombe. Mng'ono wanga wafika."

"Yaitali bwanji?" anafunsa Bambo Pang osatembenuka.

"Yaitali zedi."

"Akhala mpaka liti?"

"Mpaka amalize sukulu."

"Ndiye patukani, pakufunika malo."

Anatenga chibumi cha ufa n'kuyamba kuchikoka, osachidula, chingwe chimodzi chokha chikuuluka kuchoka m'manja mwawo kugwera mumphika wowira. Madoda anayamba kuwerenga mikono mokweza, n'kusokonezana pa khumi ndi isanu, n'kuyamba kukangana. Mayi Pang anaika dzira lokazinga pamwamba popanda wowapempha. Yanan ananyamula yekha mbaleyo ndi manja awiri, msuzi ukumuotcha zala, n'kuiika patsogolo pa Chunni.

"Usaudule ndi mano," anatero. "Ukaudula, udzagona pakhonde ndi kabichi."

Chunni anapeza nsonga n'kuyamba kufyonthera. Anakoka, anakoka, masaya atatupa, maso ali tong'o, koma chingwe sichinkatha. Anaimirira, timitengo tili m'mwamba. Msuzi unamudonthera pajekete. Madoda ankamulimbikitsa ngati ali ku bwalo la mpira, ndipo amayi ake a Yanan, amene anali asanaseke chiyambire m'mawa, anabisa nkhope m'chikhatho mapewa akugwedezeka.

"Nanga majaozi onsewa?" anafunsa Mayi Pang.

"Adya amene anawaitanitsa," anatero amayi akupukuta maso. "Kwathu sititaya chakudya."

"Ndiye amene akunyamuka ulendo ndi iyeyu," anatero dolo wa madoda aja akuloza Yanan ndi adyo.

"Akunyamukadi. Ali ndi maulendo ambiri lero."

Yanan anadya khumi ndi asanu ndi atatu, otsalawo anawakulungira. Pobwerera ndi iye amene anakoka chikwama chothyoka chija, Chunni akufunsa dzina la chilichonse chimene ankadutsa. Atafika pansi pa masitepe, Chunni anaima n'kuyang'ana mulu uja.

"Mwasanja molakwika. Mizu imayang'ana kukhoma, apo ayi awola."

"Wamva?" anatero amayi. "Zaka zisanu ndikukuuza."

"Bedi la kuwindo ndi langa," anatero Yanan akumupatsira mitu iwiri. "Desiki tigawana, koma kabati ya kumanzere usatsegule."

"Muli chiyani?"

"Nyamula."

Anayamba kukwera, wamkulu patsogolo, wamng'ono akulongolola pambuyo. Amayi anawerenga yotsala ndi maso, anapeza makumi atatu ndi umodzi, anamanganso epuloni yawo n'kuwerama.