Kapampu ka Achimwene Reinford

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale amayi.

Achimwene anga a Reinford ankadwala khansa ya m'mafupa, ndipo ndinkawadwazika ndine m'fulati yathu ku Kilimani, kunja kwa dziko lathu. Mapiritsi atasiya kugwira, madokotala a pachipatala cha ku Upper Hill anawaika kapampu mkati mwa khungu la pamimba, kokhala ndi kachubu kopita kumsana. Kankadontheza mankhwala usana ndi usiku, munthu uja n'kuyambanso kugona. Koma pa 14 mwezi uliwonse tinkayenera kukathiritsamo ena. Mankhwala akatsala pang'ono kutha, kankalira: tii... tii.

Mwezi wa Juni ndinali nditatopa, ndisaname. Anzanga anandiitanira kuphwando la masiku awiri ku Karen, ndipo linagundana ndi pa 14. Ndinauza achimwene kuti akuchipatala asintha tsiku, ine ndikupita kumsonkhano wa kuntchito.

"Chabwino, chemwali," anatero. "Muyende bwino."

Ndinawasiya ndi mayi wotichapira. Pobwera ndinapeza kapampu kakulira, iwo ataluma pilo, thukuta lili kamukamu. Sanandifunse kanthu. Anamwalira patatha milungu iwiri. Madokotala anati ndi matenda basi, ndipo kapampu anakachotsa thupi lisanakwere ndege. Kumaliro ku Dedza azimayi ankandiloza: "Mlongo ndiye uyu, Getrude!" Ine maso pansi, manyazi akundidya.

Madzulo a pa 13 Julaye ndinali kusita zovala za kuntchito. Ndinangomva tii... tii. Ndinati ndi mita ya magetsi, mwina mayunitsi akutha. Ndinakayang'ana, ayi, analimo. Ndinazimitsa firiji. Ndinachotsa mabatire mu wotchi. Kulira kuja kunkachokera kuchipinda chawo, chomwe munalibe ngakhale matiresi. Sindinatsegule. Ndinakhala pampando ndi nsapato kumapazi mpaka mbandakucha.

Faifi koloko foni inalira. Anali Wekesa, wa takisi amene ankatitenga m'mamawa kuti tizembe jamu ya magalimoto pa Ngong Road. Anali kwawo kumudzi mwezi wonse, ndipo za maliro sindinamuuze.

"Madam, niko kwa geti," anatero m'Chiswahili chake, kutanthauza kuti ali pageti. "Mzee, achimwene anu, alowa kale m'galimoto. Tikudikira inu."

Mayo ine! Ndinatsika masitepe nditagwira khoma. M'chipinda muja munali mutakhala zii.

Galimoto inali pageti, injini ikulira. Wekesa anali panja, akuyankhula ndi mlonda. Ndinasuzumira kumpando wakumbuyo. Munalibe munthu. Koma lamba anali womanga, ndipo anadutsa m'mwamba pang'ono, mmene achimwene ankamukwezera kuti asapanikize kapampu.

Wekesa anasuzumiranso, n'kuyang'ana mlonda. Mlonda anapukusa mutu: pageti sipanatuluke munthu.

"Anali pompa," Wekesa anatero. "Tacheza. Anandituma mawu."

"Mawu anji?"

"Akuti ngati mwatopa musadzivute, apita okha. Akuti ku Karen n'kutali, akumvetsa."

Za Karen ine sindinawauzepo. Masiku onse aja ndikuwamwetsa phala, iwo akundithokoza, ankadziwa.

Kumpando kuja kunayambanso: tii... tii. Ndinatsegula chitseko, n'kukhala pambali pa lamba uja.

"Tiyeni ku Upper Hill," ndinatero. "Tachedwa kale."